Nkhope za kwa Che Aubi

Kuseri kwa msika wa Zomba,
moyang'anana ndi okonza maambulera,
kuli kachipinda ka Che Aubi.
Pansalu yakukhoma pali mathithi ojambula
amene sananyowetsepo munthu chiyambire.
Zaka makumi awiri akhala akutola nkhope za ziphaso:
khalani tsonga, musaseke, makutu aoneke.
Tauni yonse inadutsa pampando umenewo
itaumitsa khosi ngati ikudikira jakisoni.

Ndiye tsiku lina kamera inagwa.
Galasi linang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe,
ndipo mphunzitsi amene anakhalapo mawa lake
anatuluka ndi mphuno ziwiri,
ina yonunkhiza za pano, ina za ku Chinamwali.
Che Aubi anaseka mpaka kukhala pansi.
Mphunzitsi sanaseke.
Anayang'ana, anayang'ananso,
kenaka anaitanitsa zithunzi zitatu.

Kuyambira pamenepo mkuluyu anapenga kokoma.
Amakujambula kudzera m'tako la botolo,
pamsana pa supuni,
pamimba pa ketulo yokwecha ndi phulusa,
m'beseni la madzi a Likangala atawavundula ndi chala.
Amapaka mafuta odzola m'mphepete mwa galasi
kuti makutu ako asungunuke.
Nthawi zina amagona chagada pasimenti
n'kukuloza kuchokera kumapazi,
iwe n'kusanduka chinsapato
chosenza kamutu ngati nsawawa.

Bambo Kamwendo otolera msonkho wa mumsika
anauzidwa kuti atambasule dzanja kutsogolo.
Chikhatho chinadzaza pepala lonse,
eni ake ali kutali uko, kadontho,
ngati nsabwe pakolala.
Amayi a tomato anasonkherana n'kugula chithunzicho.
Chili pamwamba pa benchi mpaka lero,
ndipo a Kamwendo akamadutsa amapisa manja m'thumba.

Abiti Jafali, amene nkhani imawapeza isanachitike,
anatuluka ndi khutu ngati lichero.
Wakabaza wa ku Matawale anasanduka akatumba okhaokha.
Mnyamata wa ku Chanco,
mutu ngati phiri m'nkhungu, miyendo ya udzudzu,
anati limeneli ndiye luso,
anatchula mawu aatali achizungu,
n'kuiwala kulipira.

Ine ndinapita Lachinayi, mvula ya kuphiri ikuwaza.
Ndinasita malaya,
ndinavala nkhope imene ndimapita nayo kubanki ndi kumaliro.
Ndinati, Ine musandiseweretse, ndikufuna chenicheni.
Iwo anati, Chenicheni chake chiti, achimwene?
Anatola chivundikiro cha poto chopindika,
nachiimika patsogolo panga,
nandiuza ndiyang'ane momwemo
ngati ndaona ngongole yanga ikubwera.

Thwa!

Pepala linatuluka lofunda.
Chipumi chatsetsereka ngati msewu wochokera Ku Chawe,
diso limodzi lakwera kukaona ngati kugwa mvula,
chibwano chathawira ku Mpondabwino,
mlomo wakhotera kumanzere.
Ndipo m'kukhota momwemo
ndinaona bambo anga,
mmene ankapotozera kamwa pobisa kuseka
ife ana tikalakwa moseketsa,
chikwapu chili m'manja, chosowa ntchito.

Zaka khumi ndi zinayi ali chigonere ku Sadzi.
Zithunzi zawo zonse ndi za ziphaso:
tsonga, makutu poyera,
munthu wina wake wachilendo
amene sanandinyamulepo paphewa
kukaona asilikali akuguba ndi malipenga.

Ndinaseka.
Kenaka china chake chinandikhala pakhosi.
Kunja wa maambulera ankakangana ndi kasitomala
za nthiti imodzi yothyoka.

Che Aubi anapukuta chivundikiro ndi malaya awo,
osandiyang'ana,
nati, Chimenecho ndi faifi handiredi.
Mukafuna chowongoka ndi sauzande.
Bodza limadula, achimwene.

Chili m'kachikwama kanga,
kuseri kwa chiphaso cha boma.
Wina akandifunsa kuti ndine ndani
ndimayamba ndazengereza
kuti nditulutse chiti.